Ambulera Imene Ndinapangira Apongozi Anga

Anthu a mumsewu wathu kuno ku Kanyama anasiya kundiitana dzina langa kuyambira mvula ya chaka chatha. Amangoti "Ba Injiniya," ndipo ponena amaluma milomo kuti asaseke. Nkhaniyi inafika kale mpaka ku Chawama, komwe ndamva kuti akuifotokoza mowonjezera (akuti ndinauluka kudutsa pamwamba pa nyumba ziwiri, zomwe ndi bodza, ndinangonyamuka pang'ono chabe). Choncho ndaona kuti ndi bwino muimve kuchokera kwa mwini wake.

Ine ndine wometa tsitsi. Kashopu kanga kali pafupi ndi msika, kamalowa mpando umodzi ndi benchi. Ntchitoyi ndi yabwino, koma malaiti akapita n'kutisiya opanda magetsi makina amakhala chete, ndipo mutu wanga ndiye umayamba kulira. Ndili ndi matenda ofuna kudziwa mmene zinthu zimagwirira ntchito. Ndinamasulapo makina ometera kuti ndione chimene chimanjenjemera mkatimo. Ndinamasulaponso simbi ya mkazi wanga kuti ndidziwe chimene chimaiuza kuti yatentha mokwanira (ndinachipeza, koma simbiyo sinatenthenso).

Mu Disembala mkazi wanga Chileshe anabereka mwana wathu woyamba, wamkazi, dzina lake Mapalo. Patapita milungu iwiri, uthenga unabwera woti amayi ake akunyamuka ku Kitwe kudzathandiza kusambitsa mwana ndi kuphunzitsa Chileshe zonse zimene anamwino a kukiliniki sanena.

Apongozi angawa ndi mayi wamfupi, wosalankhula zambiri. Bondo lawo lamanzere limavuta, ndiye amayenda ndi ndodo. Dzanja linalo limakhala ndi kachikwama kakuda komwe sapatsa munthu aliyense, ngakhale mwana wawo. Pa zaka zitatu za ukwati wanga, ine ndi iwo tinali tisanadyerepo m'chipinda chimodzi. Popereka moni ndinkanjuta chapatali, kuwomba m'manja, maso pansi. Nkhani zathu zinkadutsira mwa Chileshe. Iwo ankati, "Uwauze kuti madzi atentha," ine nditakhala pomwepo, ndipo ine ndinkayankha kuti, "Uwauze kuti zikomo." Dzanja lawo ndinali ndisanaligwirepo. Sikudana ayi. Ndi mmene tinaleredwera tonse, iwo ku Kitwe, ine m'nyumba ya makolo ochokera ku Katete.

Tsono minibasi imatsitsira anthu kumsewu wa tala, ndipo kuchoka pamenepo kufika kwathu ndi ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu. Nthawi ya mvula a taxi safuna n'kumva komwe dzina la dera lathu. Chileshe sakanatuluka ndi khanda la milungu iwiri. Wokawachingamira ndinali ine.

Tsiku lina malaiti atapita ndinakhala pakhomo pa shopu kuyang'ana mvula. Panadutsa mwamuna ndi mkazi ali pansi pa ambulera imodzi. Ndinaona kuti mwamunayo wanyowa phewa lakumanja, mkaziyo phewa lakumanzere. Panadutsa atsikana awiri, chimodzimodzi. Ndinayamba kuwerenga. Pa anthu onse odutsa awiriawiri madzulo amenewo, amene sananyowe anali awiri okha, ndipo iwowo anali atakolekana mikono ngati akuvina. Ndinamva kukoma kwa munthu amene watulukira chinthu: ambulera imodzi imasunga anthu awiri pokhapokha atamatirirana.

Kenako kukomako kunatha. Ine ndi apongozi, kumatirirana?

Ndinasinkhasinkha njira zonse. Kuwapatsa ambulera yawoyawo sikukanatheka, chifukwa dzanja lina ndodo, lina kachikwama. Kuwagwirira ine nditatambasula mkono, ndili panja pa ambulera, ndiye kuti ine ndi katundu wawo tinyowa. Nditafotokozera Chileshe madzulo, anandiyang'ana akuyamwitsa mwana.

"Munyowe chabe, bashi Mapalo," anatero (kwawo ku Kitwe, bambo amaitanidwa motero, ndi dzina la mwana wake). "Simuli mchere."

Amenewo anali malangizo abwino, aulere, ochokera kwa munthu wondikonda. Koma funso linali litalowa kale m'mutu mwanga. N'chifukwa chiyani palibe amene anapangapo ambulera ya anthu awiri yosiya mpata pakati? Apongozi alipo dziko lonse. Mvula iliponso dziko lonse. Kodi anthu onsewa amatani?

Ndinayamba ndi kafukufuku. Ndinafuna kudziwa kuti mpata wa ulemu ndi wautali bwanji kwenikweni, pakuti palibe amene anauyezapo. Aliyense wokhala pampando wanga ndinkamufunsa ndikumumeta. Mdala wina wa ku Petauke anati ngati mthunzi wako ukukhudza mthunzi wawo ndiye kuti wayandikira kwambiri (ndinamufunsa kuti nanga kukakhala mitambo, anandiuza kuti ndizingometa). Dalaivala wina wa ku Kasama anati ukamva fungo la mafuta amene adzola, bwerera m'mbuyo. Mnyamata wina wa tchalitchi cha Pentekosite anaseka, nati zimenezo n'zakale, iye amajambulitsa ndi apongozi ake atagundanitsa mitu. Benchi yonse inamuyang'ana ngati wanena zolaula. Pamapeto pake ndinagamula ndekha kuti mpata wa ulemu ndi wofanana ndi mpini wa mopu.

Kunyumba kunali maambulera awiri akufa: yanga yakuda ndi ya Chileshe ya maluwa ofiira, onse ogula kumashopu a ku Kamwala, aja amene amakhala mvula imodzi basi. Ndinawatenga kupita nawo kushopu. Kunena zoona, masiku awiri amene ndinakhala ndikulumikiza nthiti zake ndi waya anali okoma kwambiri. Kodi munayamba mwayang'anitsitsa mkati mwa ambulera? Nthiti iliyonse ili ndi kamwana kake koikankha, ndipo tonse timakumana pa kamphete kamodzi kotsetsereka. Amene anaganiza zimenezi ankagona tulo tochepa ngati ine.

Nditakonza, ndinamanga ambulera imodzi kumapeto kwa mpini wa mopu, ina kumapeto kwinako, ndi malegeni. Nditanyamula, mitu yonse iwiri inawerama ngati masamba a maungu padzuwa. Apa ndinadziwa kuti pafunika chitsulo.

Pafupi ndi shopu yanga pali Ba Tembo, wowotcherera zitsulo, amene amapanga mageti ndi mbaula. Ba Tembo ndi munthu amene sanenapo kuti chinthu n'chosatheka, komanso sanenapo kuti chinthu n'chanzeru. Ndinawajambulira pansi ndi msomali. Anandifunsa kuti ndi cha chiyani, ndinawafotokozera zonse, kuyambira bondo la apongozi mpaka mdala wa ku Petauke. Anakanda chibwano.

"Bweretsani paipi," anatero.

Malaiti atabwera m'mawa mwake anawotcherera. Paipi yopingasa pamwamba, ambulera uku ndi uku, chogwirira kumbali yanga, chifukwa sindinafune kuti dzanja langa lilowerere m'dera la apongozi. Poti chogwirira chinali kumbali imodzi, mbali ya maluwa inkakokera pansi, ndiye tinamangirira lamba wa chikwama chakale woti ndizikoleka paphewa n'kumanga pachifuwa. Kuti zilimbe, Ba Tembo anawotchereranso timphete tija totsetsereka. Izi zinatanthauza kuti maambulera onse awiri sadzapindikanso mpaka kalekale. Anandiuza zimenezi atamaliza kale.

Madzulo ake kunagwa mvula, ndipo tinayesa pabwalo la kutsogolo kwa mashopu. Ba Tembo anakhala apongozi (anatsimphina ndithu, osawapempha). Tinapeza vuto limene linandisangalatsa: madzi otsetsereka kuchokera ku maambulera awiriwo ankagwera pampata wa pakati n'kutithovukira m'mapewa amkati. Ndiye kuti ndinali nditapanga ambulera yonyowetsa phewa limene maambulera ena onse amalisunga.

Mankhwala ake anali osavuta. Ndinapeza chidutswa cha tenti yakale yabuluu, ndinachisokerera pakati ndi singano yosokera masaka, kuchokera m'mphepete mwa ambulera yakuda kufika m'mphepete mwa ya maluwa. Mpata unatsekeka. Tsoka lake, masiku atatu otsatira mvula sinagwe, ndiye kuyesa kwachiwiri ndinachita ndi kapu. Ndinathira kapu imodzi ya madzi patentipo. Sipanadonthe. Ndinalengeza kuti ntchito yatha.

Chinthucho chinkagona kwa Ba Tembo, pakati pa mageti, chifukwa pakhomo pa nyumba yathu sichinkalowa, kaya chopingasa, kaya chopendeka. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kudzifunsa funso limodzi kapena awiri.

Tsiku lake linali Loweruka. Apongozi anaimbira Chileshe kuti atsika basi yaikulu m'tauni ndipo akukwera minibasi. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Chileshe anati ndisiye chinthu chija, ndingotenga ambulera ya aneba. Ndinamulozera kamtambo kena kakang'ono kum'mawa. Anapukusa mutu, n'kubwerera m'nyumba.

Popita ndinadzera msewu waukulu wodutsa kumsika, womwe ndi wozungulira. Sindinadzifunse chifukwa chake miyendo yanga inasankha msewu umenewo m'malo mwa kanjira kachidule komwe ndimadutsa masiku onse. Miyendo inkadziwa zimene mutu unkakana kudziwa.

Pasiteji ndinaima ola ndi theka, padzuwa, nditamangirira denga pachifuwa. Mayi wina anabwera kudzandifunsa ngati ndikugulitsa tokotaimu ya m'mafoni. Makondakitala ankachedwetsa minibasi kuti okwera aone bwino. Mayi wina wowotcha chimanga anakoka mbaula yake n'kuikhazika pansi pa mbali ya maluwa, osandipempha, n'kupitiriza malonda. Ndinayamba kupemphera kuti mvula igwe, ndipo ndikukhulupirira kuti mu Kanyama monse, momwe madzi amalowa m'nyumba za anthu, wopempha zimenezo tsiku limenelo ndinali ndekha.

Pemphero linayankhidwa mopitirira. Kunada mwadzidzidzi, mphepo inanyamula mapepala, kenako chimvula. Anthu amene ankandiseka aja anathamangira pansi pa ambulera yanga. Tinadzazana, asanu ndi awiri kapena kuposa, mayi wa chimanga ndi mbaula yake pakati. Bambo wina anayang'ana m'mwamba nati, "Boss, ichi chinthu ni chabwino." Mtima wanga unafufuma. Ndinaona kuti tenti ya pakati ija ili chilili bwinobwino, madzi akutsetsereka m'mbali. Chimene sindinaone n'chakuti inkagwiridwa ndi mitu ya anthu.

Minibasi ya apongozi inafika mvula ili pakati. Kondakitala anatsitsa chikwama ndi saka (munali nsomba zouma, mtedza ndi ufa wa chinangwa), kenako anatsika iwo, atavala duku loyera kwambiri. Ndinapempha anthu aja kuti atuluke chifukwa mwini malo wafika. Anatuluka akung'ung'udza. Ndinanjuta kuti ndipereke moni, ndipo ponjutapo mbali ya maluwa inagwetsa kapusi ya kondakitala m'matope.

Apongozi anayankha moni. Kenako anayang'ana chinthucho kuyambira mbali yakuda, kudutsa tenti yabuluu, mpaka mbali ya maluwa, n'kubwereranso.

"Ni chani ichi, mukwai?"

Ndinayankha maso ali pansi kuti ndi ambulera, mbali iyo ndi yawo, mbali ino ndi yanga. Anangolowa pansi pa maluwa ofiira aja n'kuima. Ndinabereka chikwama kumsana, saka kudzanja lamanzere, chogwirira kudzanja lamanja, tinanyamuka.

Ndikufuna mudziwe, ndipo muwauzenso a ku Chawama, kuti kwa mphindi zitatu ambulera ija inagwira ntchito. Tinayenda mbali ndi mbali, mpini wathunthu wa mopu pakati pathu. Mvula inkalira pamwamba m'mawu atatu osiyana, pansalu yakuda, patenti ndi pamaluwa. Duku linali louma. Ine ndinali wouma. Anthu obisala m'makhonde a mashopu ankatiyang'ana ngati akuona ukwati. M'mutu mwanga ndinali nditayamba kale kuganiza za dzina limene ndidzalembe pa maambulera amenewa akadzayamba kupezeka ku Kamwala.

Titafika pafupi ndi msika tinapeza kuti msewu waukulu uja wasanduka mtsinje. Amuna ankawoloka madzi akulekeza m'mawondo. Kwa munthu wa bondo lovuta, kunalibe kuchitira mwina koma kanjira kachidule kaja.

Kanjirako kamadutsa pakati pa mipanda iwiri ya mabuloko. Nyengo ya mvula kamadzaza madzi, ndiye anthu anaikamo zopondapo: buloko apa, saka ya mchenga apo, tayala lakale patsogolo. Amadutsa munthu mmodzimmodzi. Ambulera yanga inapangidwira anthu oyenda mbali ndi mbali. Ndinaima pamenepo mvula ikugwa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinazindikira kuti ndinayeza apongozi, ndinayeza ulemu, koma Kanyama sindinamuyeze.

Ndinapeza nzeru mwamsanga. Ndinatembenuza chinthucho kuti paipi iloze kutsogolo, apongozi atsogole, ine ndizitsatira. Chinalowa, nthiti zikukhula mipanda mbali zonse. Koma tsopano ntchito inakula. Iwo ankayenda pang'onopang'ono, kuyamba agogoda buloko ndi ndodo, kenako n'kuponda. Zopondapozo sizinaikidwe motalikirana mofanana. Iwo akaima pabwino, ine ndinkapezeka mwendo umodzi uli m'malere. Kuti maluwa akhale pamwamba pa mutu wawo, maso anga anayenera kukhala pa duku, osati pamapazi anga.

Tili pakati pa kanjirako ndinamva kuti lamba akundidya paphewa. Ndinadabwa. Chinthu chomwecho, paipi yomweyo, chikulemera bwanji? Poyamba ndinati ndi kutopa. Kenako ndinaganiza kuti mwina nsalu ikanyowa imalemera, ndipo ndinayamba kuwerengera m'mutu kuti ingalemere motani. Nditakweza maso ndinapeza yankho. Tenti ya pakati inali italendewera ngati mimba ya mbuzi ya bere. Munali madzi osachepera ndowa yathunthu, ndipo ankagwedezeka uku ndi uku ndi sitepe iliyonse.

Manja onse anali ndi ntchito. Ndinaganiza mofulumira: madzi amapita kotsika. Apongozi ndi afupi, ndipo mbali yawo ndinali nditaitsitsa dala kuti iwaphimbe bwino. Chofunika chinali kukweza mbali yawo pang'onopang'ono kuti madzi onse abwere kwa ine. Ndinayamba kukweza. Madzi anayamba kubwerera kwanga, ndipo ndinamva kunyada. Nthawi yomweyo apongozi anatsika pa buloko kupita pa tayala, lomwe linali lotsikirapo. Duku linatsika. Manja anga, amene kwa mphindi zisanu anali ataphunzira kutsatira duku, anatsatira duku.

Madzi aja sanamwazike. Anatsika mwadongosolo, ngati a pampopi, kulowa pansi pa m'mphepete mwa ambulera ya maluwa, kutsikira pakhosi pa apongozi anga mpaka kumsana. Anatenga nthawi kuti athe. Duku linatsetsereka n'kuphimba maso awo.

Sanakuwe. Anaima pa tayala paja, osatembenuka, madzi akutuluka m'munsi mwa chitenje.

"Mukwai," anatero.

Liwu limeneli anthu a ku Kitwe amaligwiritsa ntchito popereka moni, povomera, pothokoza ndi pofunsa. Tsiku limenelo ndinamva tanthauzo lake lina, lomwe sindingathe kulimasulira.

Ndinafuna kugwada kuti ndipepese, koma pogwada panalibe. Ndinabwerera m'mbuyo sitepe imodzi. Ambulera inali itapepuka tsopano, ndipo mphepo yodutsa m'kanjirako inalowa pansi pake. Apa ndi pamene ndinanyamuka pang'ono paja. Lamba anandikoka pachifuwa, zidendene zinachoka pa buloko, ndinazungulira theka, ndipo potsika phazi langa silinapeze buloko. Linapeza ngalande.

M'mbali mwa mpanda umodzi anthu anakumba ngalande yakuya yochotsa madzi m'mayadi mwawo. Kukakhala kouma aliyense amaiona. Tsiku limenelo inali pansi pa madzi ofiirira. Ndinalowa mpaka pachifuwa. Saka ndinaiponya pa buloko (chinthu chokhacho chanzeru chimene ndinachita mwezi wonsewo), ambulera inandigwera pamwamba ngati chivindikiro cha poto.

Apa kuseka kunatha. Madzi ankathamanga mwamphamvu, ndipo mamita ochepa kutsogolo ngalandeyo imalowa pansi pa kamlatho ka simenti. Mbali ya maluwa inagwidwa ndi madzi n'kuyamba kundikoka ndi lamba uja kulowera komweko. Chikwama kumsana chinkalemera. Mapazi ankaterereka m'matope. Za madziwo sindinena zambiri. Amene amakhala m'komboni akudziwa malo amene madzi a mvula amayendera asanafike m'ngalande. Ndinatseka pakamwa zolimba.

Nditasuzumira pansi pa nsalu yakuda ndinaona apongozi atakankhira duku kumbuyo, kachikwama kakuda atakakoleka m'khosi. Anandilozetsa ndodo. Ndinaigwira, ndinakoka, inapulumuka m'manja mwawo onyowa, kenako m'manja mwanga, ndipo inapita ndi madzi. Anandiuza kuti ndimasule lamba. Ndinamasula, ndipo ambulera inayandama yokha n'kukakakamira pakamwa pa kamlatho.

Kenako mayi uja, ndi bondo lake lovutalo, anagwada pa saka ya mchenga n'kutambasula dzanja.

Mukhulupirire kapena ayi, ine ndili m'madzi mpaka pachifuwa, ndinabweza dzanja langa. Zaka zitatu za kunjuta chapatali sizichoka m'thupi mwa munthu chifukwa cha ngalande.

"Bashi Mapalo," anatero, mawu ali pansipansi, "mufuna ulemu kapena mufuna kukaona mwana wanu? Bweretsani dzanja."

Ndinapereka. Anagwira dzanja, kenako kolala ya shati, kenako lamba wa thalauza. Sindinkadziwa kuti munthu wamfupi chotero angakhale ndi mphamvu zimenezo. Ndinatuluka chafufumimba, nkhope yanga inakagwera pamiyendo pawo.

Ndodo inali itapita, ndipo popanda ndodo sakanatha kudumpha zopondapo zotsalazo. Sanafunse. Anangoika mkono wawo paphewa panga, ine ndinawagwira m'chiuno kuti asagwe, ndipo tinayenda choncho mpaka kunyumba, mvula ikutikhuthukira, azimayi a mumsewu wathu ali m'makhonde manja kukamwa. Anthu aja ndinawaona kushopu atakolekana ngati akuvina sanafikepo pamene tinafika ife.

Chileshe anatsegula chitseko ali ndi mwana m'manja. Anayang'ana amayi ake, anayang'ana ine, anayang'ana mkono uli paphewa.

"Nanga ambulera?" anafunsa.

Tinangolowa m'nyumba. Chileshe anatenthetsa madzi kawiri, anathiramo mankhwala ophera tizilombo, ndipo ine anandiuza kuti ndisayandikire mwana mpaka nditasamba katatu.

Bondo la apongozi linatupa. Anagona masiku awiri osatuluka m'chipinda, munthu amene anabwera kudzathandiza akuthandizidwa. Zimenezi zinandipweteka kuposa kuseka kwa aneba. Ndinkachoka m'mamawa, kubwera kutada, kudyera kushopu. Ndinawagulira ndodo ina yamtengo kumsika n'kupereka kudzera mwa Chileshe, pamodzi ndi kupepesa kwanga. Yankho limene linabwera linali lakuti amva. Ambulera nayo inabwerera: inatseka kamlatho kaja, madzi anayamba kulowa m'mayadi mwa anthu, ndiye Ba Tembo anakaivuula n'kudzaiponya kuseri kwa nyumba yathu.

Tsiku lachinayi malaiti anapita masana, ndipo ndinabwerera kunyumba kukatenga lumo lamanja. Podutsa kuseri ndinawapeza apongozi atakhala pa kampando, pansi pa matewera oyanikidwa, akutembenuza mtembo wa ambulera ndi ndodo yatsopano ija. Ndinafuna kubwerera mwakachetechete.

"Bashi Mapalo, tengani mpando."

Anandiuza ine. Osati kudzera mwa Chileshe. Ndinatenga mpando n'kuuika patali. Analoza pansi ndi ndodo, pafupi ndi pamene anakhala. Ndinasendera.

Ndinkayembekezera mlandu. M'malo mwake anandifunsa kuti anandiuza ndani kuti ndisoke tenti yogona chathyathyathya. Anandifunsa ngati ndinaonapo denga lopanda msana. Anati iwo anagulitsa kumsika ku Kitwe zaka zoposa makumi awiri, pansi pa matenti omanga okha, ndipo mayi aliyense wa pamsika amadziwa kuti tenti imafuna mtengo pakati woitukula, apo ayi imasunga madzi n'kudikirira kasitomala wovala bwino. Anagogoda paipi nati chogwirira chinayenera kukhala pakati, chifukwa katundu sanyamulidwa kumchira. Anafunsa chifukwa chake timphete tinawotchereredwa, ndipo nditafotokoza anati Ba Tembo ndi waulesi. Kenako anawerama n'kuyang'anitsitsa nthiti zimene ndinalumikiza ndi waya zija. Anazikoka. Sizinaduke.

"Apa munachita bwino," anatero. "Manje, ngati paipi ingakhale na mahinjesi pakati, siingapindike ikafika pa njira ing'ono?"

Ndinatola msomali. Tinajambula pansi kwa ola lathunthu, iwo akufufuta ndi ndodo pamene sakugwirizana napo. Anali macheza aatali kuposa mawu onse amene tinalankhulana chikwatirireni mwana wawo. Chileshe atabwera ndi tiyi anaima, anayang'ana zojambulazo, anayang'ana ife awiri, anaika makapu pansi n'kubwerera m'nyumba.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaphunzirapo kusiya zinthu mmene zilili. Chimene ndinaphunzira kwenikweni n'chakuti tenti imafuna msana, ndipo munthu aziyamba wayeza njira.

Sabata yotsatira Chileshe anapita ku Kamwala n'kugula maambulera awiri atsopano, wamba, opindika. Amawasunga m'wadilopu, wadilopuyo amakhoma, kiyi amaimangirira kumapeto kwa chitenje. Ndinamufunsa ngati wafika posandikhulupirira chotero m'nyumba mwanga momwe.

Anayang'ana kukhomo la chipinda cha amayi ake, n'kutsitsa mawu.

"Si imwe mweka nikuyopa," anatero. "Manje muli awiri."